Mayina Okha Ndiwo Anasamuka

Tsiku limenelo kunacha ndi mvula yamawawa, ija yosanyowetsa munthu msanga koma yosaleka. Mdala anadzuka akuimba mluzu. Mlamu wake, mng'ono wa malemu mkazi wake, anabwera ndi basi yoyamba kudzamuperekeza ku mwambo womutsanzika kuntchito, ndipo mluzuwo anaumva akadali pakhomo, akukutumula ambulera. Sunamusangalatse. Chimwalirire mkulu wake, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, Mdala sanaimbepo kalikonse. Ndiye aimbirenji lero, tsiku lomuchotsa pampando?

Dzina loti Mdala anamupatsa ndi a kuntchito akadali ndi tsitsi lakuda, chifukwa cha kuuma pakamwa. Anali injiniya wa makina osungira mafayilo. Analowa pakampanipo pali anthu asanu ndi awiri okha, m'masiku amene fayilo inkayenda ndi miyendo: unkaikopera pa kadisiki, kuika m'thumba la malaya, n'kukwera nayo masitepe. Iye ndiye anakonza zoti fayilo izikhala malo amodzi, anthu a m'zipinda zonse n'kumaitsegula kudzera pa waya. Anthu atayamba kufufutirana ntchito polemba m'fayilo imodzi nthawi imodzi, anapanga loko, kuti wina akagwira mnzake adikire.

Chachitatu ndicho ankachinyadira, ngakhale sanauzepo munthu. Anachitcha kalozera. Fayilo ikatha chaka osatsegulidwa, inkatsitsidwa ku makina a m'chipinda cha pansi, pamalo pake n'kutsala dzina lokha. Munthu akadina dzinalo, fayilo inkakwera mwaliwiro moti sankadziwa kuti yachokera kwina. Zikalata zitatu za umwini wa nzeruzi zinapachikidwa m'chipinda cholandirira alendo. Pa chilichonse dzina la Mdala linali lachitatu, pansi pa la mwini kampani ndi la munthu wina amene luso lake linali kudziwana ndi maloya.

Chaka chatha kunabwera bwana watsopano woyang'anira mainjiniya, wovala nsapato zoyera zothamangira koma wosathamanga. Mdala mumtima ankamutcha Wansapato. Kwa munthu ameneyu ntchito iliyonse inali ulendo, vuto lililonse linali mwayi, ndipo msonkhano sunkatha popanda kupangana msonkhano wina. Sabata yake yoyamba anaima pamwamba pa masitepe otsikira kuchipinda cha pansi, anasuzumira, nabwerera. Kenako anamusisita Mdala paphewa n'kunena, akumwetulira ndi mano onse, kuti tsobola wakale sawawa.

Ulendo waukulu wa Wansapato unali wosamutsa mafayilo onse kuchoka ku makina akale kupita ku atsopano. Ambiri mwa mafayilowo anali a chipatala china chachikulu chimene chinkasungitsa pakampanipo zithunzi zounika m'thupi, za zifuwa ndi mafupa, za zaka makumi awiri. Mdala sanaitanidwe ku msonkhano uliwonse wa ntchitoyi. Gulu la Wansapato linasamutsa, linawerenga mayina a mafayilo kuno ndi uko, chiwerengero chinafanana. Anasankha zithunzi makumi awiri mwachisawawa, zonse zinatseguka. Anagula keke.

Mdala anangoyang'ana nyali za makina ake a pansi. Zinali kuphethirabe ngati kale. Makina amene palibe akuwafunsa kanthu saphethira chotero. Anamvetsa pomwepo: anyamatawo anasamutsa tikalozera, mayina okhaokha, ndipo chithunzi chilichonse chimene ankatsegula pa makina atsopano chinkathamangira kukatengedwa pansi pomwepa. Nzeru yake inagwira ntchito bwino kwambiri mpaka inapusitsa eni nyumba. Analembera Wansapato uthenga wa mzere umodzi: "Mwasamutsa mayina. Onaninso." Yankho linabwera mphindi yomweyo, kachithunzi ka chala chachikulu choloza m'mwamba. Mdala anakayang'ana kachalako nthawi yaitali. Sanalembenso.

Panali patapita masabata atatu chichitikire zimenezo. Dongosolo la lero linali loti masana, pamaso pa antchito onse ndi mwini kampani, Mdala apatsidwe ulemu wozimitsa yekha makina ake akale. Akatero, madisiki khumi ndi awiri a m'makinawo akaphwanyidwa, monga limafunira lamulo la zinsinsi za odwala.

Mlamu wake anamulanda malaya amene anasita yekha, nati munthu sangakaime pamaso pa anthu atavala chinthu chooneka ngati chagonedwa ndi galu. Akusita, anamufunsa za mluzuwo. Mdala anati palibe. Mayiyo anagwira unamwino zaka makumi atatu, ndipo anazolowera kutulutsa zoona mwa amuna onena kuti palibe. Anafunsa kachiwiri, kachitatu, simbi ili m'manja. Tiyi asanazizire, nkhani yonse inali itatuluka, mawu awiriawiri ngati madontho a pampopi wakutha.

"Ndiye mwawauza?"

"Ndinanena."

"Kangati?"

"Wamva wamva."

Mayiyo anaimika simbi. Anamuuza kuti iyeyo za mawaya sazidziwa, koma chithunzi chakale amachidziwa. Dokotala akaona kamthunzi pa phapo la munthu, chinthu choyamba amaitanitsa chithunzi cha zaka zapitazo n'kuziika ziwirizo pamodzi. Kamthunziko kakapezeka kuti kanalipo kale ndipo sikanakule, munthu amapita kwawo kukagona tulo. Chakale chikasowa, amamuboola kuti atenge kanyama kokayeza. Mdala sanafunike kuuzidwa zimenezi. Anali atayendapo miyezi isanu ndi itatu ndi envulopu yaikulu ya zithunzi m'khwapa, kuchoka chipatala ichi kupita icho, mkazi wake akutsamira pa dzanja linalo.

Mdala anati sangalole kuti chiphwanyidwe chilichonse. Anali atakonza kale. Akamuitana kutsogolo, sadzagwira batani lozimitsira. Adzangosolola waya umodzi kumbuyo kwa makina, kenako adzapempha Wansapato atsegule chithunzi chimodzi chakale pa sikirini yaikulu, aliyense akuona. Pofotokoza izi anayankhula mawu ambiri kuposa amene mlamu wake anamumvapo chaka chonse.

"Alamu, ndiye mwakhala masabata atatu mukusita chionetsero," anatero mayiyo. "Mukusiyana pati ndi mwana wa nsapatoyo? Iye amanama ndi pakamwa potseguka, inu ndi potseka."

Mdala anavala malaya ake akadali otentha. Anatuluka kukakwera basi.

Anafika nthawi itangopitirira hafu naini. M'chipinda cholandirira alendo munali mabaluni, mipando yoyalidwa m'mizere, ndi chinsalu cholembedwa mawu omuthokoza chifukwa cha zaka makumi atatu. Zinali makumi atatu ndi zinayi. Kutsogolo kunali tebulo lopanda kanthu, loyalidwa nsalu yobiriwira, ndipo wa pageti anati pamenepo ndi poika makina akalewo. Anawonjezera kuti bwana anati anthu sangatsike pansi kukaipitsa zovala, choncho makinawo ndiwo akwera. Koma poti ngolemera, ayambe awachotsa za m'mimba, kumtunda kubwere chibokosi chokha. Wamagetsi waikamo kababu kolumikizidwa ku batire, kuti Mdala akadina batani kazime, anthu aombe m'manja.

Mdala anayang'ana pawindo. Pabwalo la kuseri panaima galimoto yotsekedwa kumbuyo, chitseko chake chili chotsegula, injini ikulira. Wophwanya madisiki anali atabwera kale.

Masitepe otsikira pansi anali makumi awiri ndi awiri, ndipo mawondo ake anali atasiya kalekale kuwakonda. Anawatsika osagwira chitsulo. Asanafike pakhomo anamva chimene chinali chitalakwika: kunali zii. Kwa zaka makumi awiri chipinda chimenecho chinkang'ung'udza usana ndi usiku, ndipo makinawo sanazimitsidwepo ngakhale tsiku limodzi. Anapeza bambo wina wamfupi, wa ovolosi yotuwa, atagwada patsogolo pa makina, sikuludiraiva ili pakamwa. Pambali pake panali kireti ya pulasitiki, madisiki ataunjikidwamo ngati njerwa.

"Siyani," anatero Mdala.

Bamboyo anachotsa sikuludiraiva pakamwa nafunsa kuti akuluakulu ndinu ndani. Iye anali ndi pepala losainidwa, ndipo masana anali ndi ntchito ina kutsidya kwa tauni. Mdala anagwada pa kireti n'kuyamba kuwerenga. M'kireti munali asanu ndi awiri, m'makina munatsala anayi. Anawerenganso.

"Imodzi ili kuti?"

"Ndayesera chigayo changa, bambo. Dzulo chimavuta mano." Anamwetulira monyadira. "Koma lero chikudya bwino. Ufa weniweni."

Mdala anakhala pansi pa simenti. Makinawo anawapanga kuti disiki imodzi ikafa, zotsalazo zizitha kubweza zimene inasunga. Imodzi yokha. Awiri akafa, zonse zapita, ngakhale ena khumiwo akhale amoyo. Ndipo disiki yokalamba ili ngati nkhalamba pa ulendo: ikuyenda imayendabe, koma ikakhala pansi palibe akudziwa ngati idzukanso. Masabata atatu apitawo anali ndi khumi ndi awiri, onse otentha, onse ozungulira. Akanangokwera masitepe, kugogoda chitseko chimodzi, n'kuyankhula ziganizo zinayi.

Mlamu wake anatsika pang'onopang'ono, chikwama chili pachifuwa. Anayang'ana kireti, anayang'ana nkhope ya Mdala. Anatembenuka n'kukweranso. Patapita mphindi zisanu anabwera ndi Wansapato, atamugwira pachigongono monga amagwirira wodwala wokana jakisoni.

Wansapato analowa akuyang'ana pomwe akuponda. Anayamba ndi kumwetulira. Anati akumvetsa ndithu kuti tsiku ngati lalero ndi lovuta, munthu amadzakondana ndi zida zake, ndipo kusintha ndi ulendo. Mdala analoza kompyuta yam'manja imene bwanayo anakolekera m'khwapa namuuza kuti atsegule chithunzi chakale chilichonse. Wansapato anapumira m'mwamba ngati munthu wosangalatsa mwana, anaika kompyutayo pa kireti n'kutsamirapo ndi chigongono, nadina dzina lina. Kabwalo kanazungulira pa sikirini. Kanazungulirabe. Anadina lina. Anati netiweki ya pansi pano ndi yofooka. Anadina lachitatu, lachinayi, chala chikufulumira.

"Zili m'kiretimo," anatero Mdala. "Mwatsamirapo."

Wansapato anachotsa chigongono ngati wagunda moto. Mdala anamufotokozera za kalozera, mwachidule, mawu amene anawasunga masabata atatu kuti akawanene pamaso pa anthu zana. Omvera anali namwino wopuma ntchito ndi bambo wa chigayo, amene ankatokosa m'khutu ndi sikuludiraiva. Mawuwo sanakome monga anawaganizira.

Foni ya Wansapato inalira. Anali a kuchipatala, akufunsa chifukwa chimene zithunzi zakale zasiya kutseguka chiyambire naini koloko. Nkhope ya bwanayo inatuwa, komabe mawu anatuluka osalala ngati mafuta. Anawauza kuti ndi kukonza kwa kanthawi kochepa komwe kunali pa dongosolo. Atadula foni anatembenukira Mdala nafunsa, mawu atachepa, chifukwa chimene sananene.

"Ndinalemba."

"Mzere umodzi, achikulire. Ndimalandira mauthenga mazana atatu patsiku."

"Munayankha ndi chala."

"Nonse awiri khalani chete," anatero mlamu. "Wina sawerenga, wina sayankhula, kampani yake imeneyi. Zingadzuke kapena sizingadzuke?"

Mdala anati sakudziwa. Aka kanali koyamba kunena mawu amenewo m'nyumba imeneyo.

Disiki iliyonse inayenera kubwerera m'chibowo chake chenicheni, ndipo wachigayo anazula mosayang'ana. Mwamwayi Mdala sankakhulupirira zomata za fakitale, ndipo kalekale analemba nambala pamsana pa iliyonse ndi cholembera chakuda. Zina zinali zitafufutika ndi kutentha. Mlamu wake anaunika ndi foni, iye akuyandikiza disiki kumaso n'kumaitembenuza. Yachisanu ndi chimodzi ndi yachisanu ndi chinayi anazisiyanitsa ndi kadontho kamene anaika pansi pa nambala, poti 6 ndi 9 amafanana ukawatembenuza. Wansapato anafuna kuthandiza, natola imodzi ndi dzanja limodzi ngati buledi. Mdala anangomuyang'ana, ndipo iye anaibweza pang'onopang'ono ndi manja awiri. Wachigayo anati akhoza kudikira, koma kudikira kwake sikwaulere.

Chibowo chachitatu chinatsala chopanda kanthu. Mdala anapukuta manja pa buluku, nadina batani lenileni.

Mafani oziziritsa makina anayamba kulira. Nyali zinkayaka imodzi imodzi, disiki iliyonse ikadzuka, ndipo pakati pa nyali ndi inzake pankapita masekondi amene ankaoneka ngati sakutha. Yoyamba, yachiwiri. Pachitatu panayaka yofiira, monga anayembekezera. Yachinayi mpaka yachisanu ndi chitatu zinabwera bwino. Yachisanu ndi chinayi inachedwa. Inalira kuti kwe, kwe, kwe, ngati munthu wogogoda pakhomo pa eni ake omwe sakumufuna. Wansapato anatsegula pakamwa, mlamu anamuponda phazi. Mdala anaika chikhatho pa chitsulo cha makinawo. Kugogodako kunachepa, nyali inayaka yobiriwira. Zitatu zotsalazo zinatsatira.

Pa kompyuta yam'manja paja kabwalo kanasiya kuzungulira. Panaoneka nthiti za munthu wina, zoyera pa mdima.

Mdala anati yachisanu ndi chinayi ikudwala, ndipo siidzukanso kachiwiri. Zithunzi ziyenera kukoperedwa zenizenizo, kuyambira tsopano, pang'onopang'ono kuti asaitopetse, ndipo zitenga masiku anayi. Munthu azikhala pafupi. Wansapato anagwedeza mutu pa mawu aliwonse. Koma mtundu unali ukubwerera kunkhope kwake, ndipo Mdala anaona maso akewo akuyamba kuyendayenda, kufuna pomwe pali mwayi. Bwanayo anapukuta fumbi pa nsapato ndi chala, nati anthu akudikira kumtunda, mwambo sungalephereke.

Mwambo unachitika ndithu. Pa tebulo la nsalu yobiriwira anaikapo keke. Wansapato anaima patsogolo, mawu ake ali m'malo mwake, nauza anthu kuti gulu lake lili ndi chizolowezi chofufuza komaliza lisanataye kalikonse. Kufufuza kwa m'mawa uno, anatero, kwapeza mafayilo ochepa amene amafunika chisamaliro chapadera, ndipo umu ndi mmene kampani yokhwima imagwirira ntchito. Anathokoza gulu lake. Anathokozanso Mdala, amene anamutcha mlonda wokhulupirika wa makina athu akale. Za waya, za loko, za kalozera, sanatchulepo. Mwini kampani, amene anali atakalamba n'kuyamba kugontha, anaomba m'manja nthawi yolakwika, ena onse n'kumutsatira.

Mdala anayang'ana nkhope zimenezo. Anyamata amene anawerenga mayina n'kugula keke anali kutsogolo, akuomberana m'manja okhaokha. Amayi a ku ofesi ya antchito ankajambula keke. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akanatha kunena kumene fayilo imagona. Anthu amenewa ndiwo anafuna kuti amuone akupambana. Anawaphikira masabata atatu, ndi zifuwa za anthu odwala ngati nkhuni.

Anamupempha kuti anenepo mawu. Anaima, nati zikomo, nakhala pansi. Anthu anaseka mokondwa, akuti Mdala ndi Mdala basi. Anamupatsa wotchi ya pakhoma m'bokosi.

Mlamu wake anamubweretsera keke pa kambale ka pepala, nakhala pambali pake. Anadya yake mwakachetechete, kenako anadyanso ya Mdalayo poona kuti sakuigwira. Anati basi yake inyamuka thiri koloko, ndipo mankhwala a magazi awaika pamwamba pa firiji, asanamizire kuti sanawaone.

"Mukanatha kuimirira n'kumuyalutsa," anatero. "Aliyense akanakumverani."

"Ndi chiyani? Disiki yaphwanyidwa chifukwa cha ine."

"Bola mwadziwa." Anapukuta zala ndi kapepala. "Mkulu wanga akanakuuzani zoposa apa."

Wansapato anamupeza Mdala pakhomo la masitepe. Anayankhula motsitsa, akuyang'ana uku ndi uku. Anati khadi la Mdala lotsegulira zitseko lisiya kugwira faifi koloko, poti dongosolo linalowetsedwa kale, koma iye ayankhula ndi a ofesi ya antchito, mwina apangane kamsonkhano mawa kapena mkuja. Anati akuyamikira kwambiri mtima wogwirira ntchito pamodzi. Anatambasula dzanja. Mdala anamupatsa bokosi la wotchi lija kuti amugwirire, ndipo bwanayo analilandira asanaganize.

Mdala anatenga mpando umodzi pa mizere ija natsika nawo. Anauza wachigayo kuti azipita, anatsekereza chitseko cha chipindacho ndi kireti kuti chisadzitseke, anavula jekete, nayamba kukopera zithunzi za chaka choyamba.